Bodi ikufuna kuchotsa mphunzitsi patangotha miyezi inayi

Mlembi wa kalabu:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Mphunzitsi wa timu yathu ya mpira amene tinamulemba ntchito miyezi inayi yapitayo wagonja masewero asanu mwa asanu ndi atatu, ndipo bodi ikufuna malangizo anga lisanafike Lachisanu. Ameneyu ndi wachitatu m'zaka ziwiri, komanso amene tinamuchotsa chaka chatha sitinamalize kumulipira ndalama zotsala pa kontirakiti yake.

Mphunzitsi wopuma:
Bambo mlembi, yambani mwawerenga kuti mwa osewera khumi ndi mmodzi amene amayamba masewero, ndi angati amene anawasankha yekha. Ndikukayika ngati akukwana atatu. Otchinga kumbuyo anagulidwa ndi munthu wokonda mipira italiitali, apakati anabwera ndi wina wokonda kupatsirana pansi, ndiye mukufuna wachitatuyu asoke zigamba zimenezi m'miyezi inayi. Alex Ferguson anafika ku Manchester United mu 1986, chikho choyamba anachipeza mu 1990, ndipo ligi anaitenga mu 1993.

Msungichuma wa timu ina:
Ndikulemekeza maganizo anu, bambo, koma chitsanzo cha Ferguson chimateteza ngakhale aphunzitsi olephereratu. Chelsea inasintha mphunzitsi pakati pa sizoni mu 2012 ndi mu 2021, ndipo maulendo onse awiri inatenga Champions League, poyamba ndi Roberto Di Matteo, kenako ndi Thomas Tuchel.

Mphunzitsi wopuma:
Zimenezo n'zoona, mayi, koma Chelsea inali ndi osewera apamwamba kale komanso thumba lolipirira aliyense wochotsedwa, zomwe anzathuwa alibe. Watford inachotsa aphunzitsi atatu mu sizoni ya 2019/20, komabe inatuluka mu Premier League. Chinanso, timu ikapambana kawiri mphunzitsi watsopano atangofika, musafulumire kumutamanda, chifukwa kawirikawiri ovulala amakhala atachira ndipo masewero ovuta amakhala atadutsa.

Msungichuma wa timu ina:
Ngati ndi choncho, bodi isangouzidwa kuti ifatse, chifukwa masapota akayamba kukuwa pa geti mawu amenewo sagwira. Muipatse pepala loonetsa ndalama zolipira aphunzitsi awiri amene sakugwira ntchito, kuphatikizapo malipiro a wachinayi, ndipo mugwirizane ndi mphunzitsiyo mapointi amene ayenera kupeza pofika kumapeto kwa chigawo choyamba cha ligi.

Mlembi wa kalabu:
Zikomo nonse. Ndawerenga, ndipo osewera amene anawasankha yekha ndi awiri okha. Ndilemba kuti akhalebe mpaka chigawo choyamba chithe, aloledwe kugula wotchinga kumbuyo mmodzi msika wa osewera ukatsegulidwa, ndiponso kuti kugula osewera kuziyang'aniridwa ndi munthu mmodzi amene sazichoka mphunzitsi akachoka.