Batire la mota ya boti likutha msanga

Chisale (Ndirande): Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Kasitomala ali ndi boti lowedzera ku Mangochi, mota yake ndi yamagetsi, 12V, mphamvu yokankha boti ndi 55 lb. Batire ndi N100 la galimoto, la 100Ah, la miyezi isanu yokha, koma ola silikukwana latha kale. Ndalitchaja, lagona usiku, m'mawa mita ikuti 12.2V.

Mbewe (Limbe): Achimwene, batirelo si la ntchito imeneyo. La galimoto mapuleti ake ndi opyapyala, ntchito yake ndi kuliza injini kamphindi, alternator n'kulidzazanso. Mukamalikama mpaka pansi tsiku ndi tsiku, mapuleti amayoyoka. Agule deep cycle, batire lopangidwira kutulutsa moto nthawi yaitali n'kutchajidwanso mobwerezabwereza. Koma mumuwerengere bwino: mota imeneyo akaitsegula yonse imakoka pafupifupi 50A, ndipo pa 100Ah ayenera kudyapo theka lokha. Ndiye kuti ola limodzi basi. Akafuna nthawi yaitali agule awiri ofanana, atsopano onse, alumikize parallel, positive ku positive, negative ku negative. Lakale ndi latsopano osaphatikiza, lakale limayamwa linzake.

Mayi Kalua (Chirimba): Lodzaza likapuma limaonetsa 12.6V kapena 12.7V, ndiye 12.2V ikunena kuti mapuleti agwira sulphate, zokakamira zolepheretsa batire kusunga moto. Pimani selo lililonse ndi hydrometer, chida chopimira mphamvu ya asidi, a Chisale. Labwino ndi 1.265, ndipo selo limodzi likatsalira ndi 0.050 musataye nthawi, lapita.
Chimene chimapha mabatire a kunyanja kwambiri ndi kugonetsa lopanda moto. Munthu wafika pa doko watopa, magetsi athima, akuti ndidzatchaja mawa. Ayi. Tsiku lomwelo lilowe pa chaja ya 10A mpaka 15A yokweza kufika 14.4V kenako n'kutsika yokha. Ngati kwawoko magetsi ndi ovuta, panelo ya sola yodutsa pa controller yoletsa kutchaja mopitirira, osati kulumikiza mwachindunji. Madzi akatsika athire a distilled okha, angomiza mapuleti, akamaliza kutchaja ndiye awonjezere. Asidi osathiranso, madzi a m'nyanja ndiye ayi ndithu. Komanso dzuwa la Okutobala ku Mangochi si lamasewera, batire likhale m'bokosi pamthunzi, lomangidwa kuti lisamagubuduke ndi mafunde.

Mbewe (Limbe): Waya akugwiritsa wotani?

Chisale (Ndirande): Ndamufunsa. Ndi wa 6mm², mamita anayi, kumapeto kuli timano ta jumper.

Banda (Bangwe): Apo ndiye moto ukuthera m'njira, madala. Ikani 16mm², malagi (timitu ta kumapeto kwa waya) okanikiza bwino ndi omanga ndi nati, breaker ya 60A pafupi ndi positive. Matemino atsukeni ndi soda, mupake girisi pang'ono. Mota ikuyenda mupime pa batire ndi pa mota, kusiyana kusapitirire 0.5V.
Achotsenso pulopela aone kuseri kwake. Twaini amakulungika pa shafiti mpaka kuoneka ngati kamtolo kakuda kolimba, mota n'kumalemera, ndipo amadya seal madzi n'kulowa. Mu Shire namasupuni amachitanso chimodzimodzi. Ngati mota ndi ija ya masipidi asanu, ma sipidi apansi amataya moto wina pa makoyilo otentha, sapulumutsa ngati ya variable, yosintha sipidi pang'onopang'ono popanda masitepe.

Mayi Kalua (Chirimba): Thumba likalola, LiFePO4 (batire la lithium) ya 100Ah amadyapo 80Ah osaiwononga, komanso ndi yopepuka. Chaja yake ikhale yovomera lithium.

Chisale (Ndirande): Zikomo nonse. Hydrometer yaonetsa 1.140 pa selo lachitatu, ena ali pa 1.220. Ndikumulembera mtengo wa deep cycle awiri, waya ndi breaker, ndipo ndamuuza abweretsenso mota tione shafiti.