Chomera changa chagunda chivindikiro cha paludariyamu, nditani?

Nkhanu_22:
Akuluakulu thandizeni. Ndili ndi paludariyamu, thanki yagalasi yosungiramo zomera ndi tinyama, yotalika 60cm kupita mmwamba, mbali ina madzi mbali ina dothi, ndiye ndinabzalamo Cyperus alternifolius, mbale wake wa gumbwa uja masamba ake amayala pamwamba ngati ambulera. Poyamba amakula bwino zedi koma pano mapesi agunda chivindikiro akupindika, ena akungogwera mmadzi, nsonga za masamba zauma ngati zawauka. Ndidule pakati kapena ndingozula basi?

ChuleWamDambo:
Achimwene musadule pakati, phesi lake likaduka mutu silitulutsanso masamba, limangouma. Dulani pansi penipeni, atsopano aphuka kuchokera ku tsinde la mdothi lija. Koma vuto lenileni ndi thanki yanu, chomerachi chimafika mita imodzi mwinanso kupitirira, ndiye 60cm chikwanamo bwanji? Chotsani chivindikiro chitulukire kunja, nyali muyikweze mmwamba, masambawo akupsa chifukwa agundana nayo. Mwayi wanu simunabzale gumbwa weniweni, Cyperus papyrus, uja amafika mamita 4 kapena 5, bwenzi pano mukubowola denga kkkk

MayiWaNsomba:
Zogwazo nthawi zambiri ndi kuchepa kwa kuwala, mapesi amatalika ali owonda pofunafuna kuwala kenako mutu umawalemera. Koma ine chomwe ndikuchenjezeni ndi mizu. Ndinabzala changa mdothi momwemo opanda poto, patatha chaka mizu inali paliponse, inalowa mpaka mu pampu madzi osayendanso, pozula ndinagumula mtunda wonse omwe ndinavutika kuwumba, zinandiwawa bwanji. Chiikeni mu poto, potoyo ikhale mmadzi, mizu inyowe nthawi zonse koma masamba asamire. Ubwino wake chimadya kwambiri nitrate, zoipa zija zimachuluka mmadzi chifukwa cha ndowe za nsomba, madzi a nsomba zanga amachedwa kuda.

Nkhanu_22:
Zikomo amayi. Koma ndikatsegula pamwamba achule anga athawa, nanga chinyezi?

ChuleWamDambo:
Aaa muli ndi achule? Ndiye sankhani chimodzi akulu. Ngati chivindikiro chikhalepo pezani wamfupi, Cyperus prolifer, kagumbwa kakang'ono. Wamkuluyo mumuike mu ndowa pafupi ndi windo. Mitu mwadulayo musataye, fupikitsani masamba ndi sizasi, muizike mmadzi chozondoka mutu pansi phesi mmwamba, pakapita masabata angapo muona timizu ndi timphukira tikutuluka pakati pa masamba paja.