Matabwa ati amene sangandivutitse pa shedi ya kumunda?

Moni nonse a m'gulu muno. Ndili ku Chipata, munda wanga uli cha ku Msekera. Ndikumanga shedi yooneka ngati chigafa, mamita 9 m'litali ndi 5 m'lifupi, yosungiramo chimanga, mtedza, ngolo ndi pulawo. Mizati ndazika kale, malata ndakhoma. Chatsala ndi zipupa, ndipo ndikufuna za matabwa kuti mphepo izidutsa, mtedza usachite nkhungu.

Chondiopsa ndi ichi. Mu 2019 ndinamanga ina yaing'ono ndi matabwa a paini otchipa. Pofika dzinja lachitatu, thabwa la m'munsi ndinkaliboola ndi chala. Kunja likuoneka bwinobwino, m'kati dothi lokhalokha, chiswe chitamaliza ntchito. Ine ndimagwira ntchito m'tauni, kumunda ndimapita Loweruka lokha, ndipo amene amakhalako ndi bambo anga okalamba oti sangakwere makwerero ndi chitini cha penti. Ndikufuna matabwa oti ndikakhoma, ndiwaiwale zaka zingapo. Ndigule ati?

Kalipentala wa ku Kapata:
Achimwene, paini wosaviikidwa m'mankhwala ndi ndiwo ya chiswe, musamuimbe mlandu. Funani amene anathiridwa mankhwala oteteza matabwa otchedwa CCA pa makina, amaoneka obiriwira. Koma pogula muuze wogulitsa adule kachidutswa pamaso panu. Ngati kubiriwirako kuli pamwamba pokha, m'kati muli mbee, anangopaka ndi bulashi, musiyeni.

Komabe ine ndakhoma mashedi ambiri, ndipo chimene chimapha matabwa kwenikweni ndi kamangidwe. Yambani ndi njerwa mizere itatu kapena inayi, matabwa ayambire pamenepo, asagunde dothi ngakhale limodzi. Chiswe chikafuna kukwera chidzamanga kanjira kake ka dothi pa njerwa, bambo adzakaona n'kukakanda ndi ndodo. Matabwa muwaimike choongoka, osati chopingasa, ndipo pamene awiri akumana mukhomepo kathabwa kakang'ono kotseka mpata. Madzi amangotsetsereka. Malata atuluke kunja masentimita 60 kapena kuposa. Mvula yathu ya mu January imabwera ndi mphepo, imamenya chipupa chammbali.

Mayi wa ku Katete:
Ife khola la ng'ombe timangopaka oilo wakuda wochotsa m'galimoto, kusakaniza ndi dizilo pang'ono. Amakaniko amapereka ulere kapena pa mtengo wochepa. Chiswe sichiyandikira.

Mlimi wa ku Chadiza:
Amayi, pa khola mwina, koma bambowa akuti asungamo chakudya. Mtedza umakoka fungo msanga, mudzaumva dizilo m'nsinjiro. Ndiponso ganizirani moto wolusa wa mu September ndi October, chipupa chonyowa oilo chili pafupi ndi udzu wouma. Ngakhale mankhwala akuda aja a pa mapolo a magetsi, creosote, fungo lake limatenga nthawi kuti lithe. Ine sindingaike matumba anga pamenepo.

Mayi wa ku Katete:
Chabwino, koma si aliyense ali ndi ndalama za matabwa obiriwira.

Mdala wa ku Lundazi:
Ana inu mwaiwala mitengo ya kwathu. Chitseko cha mlombwa chimene anakhoma malemu atate chilipo mpaka lero, sichinalaweko penti. Muwanga ndiye chitsulo, mpaka msomali umapindika, uyenera kuyamba waboola. Chinsinsi chake mutenge mtima wa mtengo, wofiirira uja. Mbali yoyera ya kunja chiswe chimadya ngati paini yemweyo, ndipo ocheka matabwa ena amakusakanizirani dala.

Koma ndinene zoona, kuphimba mamita 9 ndi mlombwa n'kuwononga, mtengo umenewo ndi wa zitseko ndi mipando, ndipo ukusowa. Mukagula matabwa a mitengo ya m'tchire, onani kuti ali ndi mapepala a Forestry. Pa rodibuloko sadzamva zoti ndi za shedi, makamaka chiyambire nkhani za kuzembetsa mitengo ya mukula.

Mnyamata wa ku Petauke:
Mavuto onsewa bwanji? Khomani malata mbali zonse, nkhani yatha.

Wofunsa:
Ndinalowapo m'shedi ya malata okhaokha masana a mu October, ndinatuluka ngati ndasamba. Ayi. Nanga bulugamu kapena malaina? Malaina ndili nawo asanu aakulu m'malire a munda.

Kalipentala wa ku Kapata:
Bulugamu ndi wabwino pa mizati akathiridwa mankhwala. Pa matabwa amavuta: mukamukhoma wamuwisi amang'ambika n'kupindika, pakatha miyezi itatu mipata yake nkhuku imalowa. Malaina ndi opepuka ndipo sapindika kwambiri, koma pa chiswe si olimba. Mukawacheka muwasanje pamthunzi, timitengo pakati, aume kaye, ndipo muwaike m'mwamba, kutali ndi dothi. Mbali yomenyedwa ndi mvula ikani a CCA.

Mlimi wa ku Chadiza:
Pa a CCA ndiwonjezepo, muli arsenic, ndi poizoni. Zidutswa zotsala musalole ana atole akasonkhere moto wa nsima, utsi ndi phulusa lake n'zoipa. Matumba muwasanje pa thandala, asatsamire chipupa. Zimathandizanso kuona makoswe.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Njerwa ndili nazo zotsala pa uvuni wa chaka chatha, Loweruka tiyamba mizere inayi. Malata anga atuluka masentimita 30 okha, ndiye ndiyenera kuwonjezera, zandiwawa koma ndamva. A kalipentala, misomali wamba ikwana?

Kalipentala wa ku Kapata:
Ayi, mankhwala a CCA amadya misomali wamba, dzimbiri limayenderera pa thabwa ngati misozi. Gulani ya galvanised. Ndipo paliponse pamene mwadula ndi sowo, pakanipo mankhwala musanakhome, makamaka nsonga ya m'munsi.