RFE yabwera pa NIW, fellowship ikutha June, ndigawireniko nzeru

Wa ku NICU (wodi ya makanda odwala kwambiri): Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili chaka chomaliza cha fellowship (maphunziro a ukatswiri) ya neonatology, udokotala wa makanda, kuno ku US, pa visa ya J-1 ya ECFMG, bungwe loona za madokotala amene anaphunzira kunja kwa America, kafukufuku wanga ndi wa bubble CPAP, kachipangizo kothandiza kupuma, kwa ana obadwa masiku asanakwane. Loya anatumiza I-140 ya NIW, pempho la green card lonena kuti ntchito yanga ndi yaphindu ku dziko la America, ndiye dzulo kwabwera RFE, kalata ya a immigration yofuna umboni wina, akuti ntchitoyo ndiyabwino inde koma sitinaonetse kuti ndiyofunika ku dziko lonse la America. Ndaiwerenga 3 koloko m'bandakucha ndili pa call, uku kamwana ka magalamu 800 alamu yake ikungolira, mutu unangoima. Fellowship ikutha pa 30 June. Ndiyambire pati?

Mkulu wa ana: Pepani achemwali koma RFE si kukanidwa ayi. Ndifunse kaye, makalata okuikirani umboni analemba ndani, ndipo akuti chani?

Wa ku NICU: Onse anayi ndi mabwana anga a pachipatala pompano. Akuti ndine wolimbikira, makolo amandikonda, usiku sindidandaula.

Mkulu wa ana: Eya, pavuta pamenepo. Amenewo ndi makalata ofunsira ntchito. Chiyambire chigamulo cha mlandu wa Dhanasar mu 2016 ofesala wa immigration amaona zinthu zitatu, kuti chomwe mukufuna kuchita ndichaphindu komanso chokhudza dziko lonse, kuti inuyo muli ndi kuthekera kochipititsa patsogolo, ndiponso kuti America ipindula ikakumasulani ku labor certification, ndondomeko yoti abwana aonetse kaye kuti palibe wa ku America woti agwire ntchitoyo. Inu mwakodwa pa choyambacho. Kupulumutsa makanda mu NICU yanu ndi ntchito yaikulu, tonse tikudziwa, koma kwa ofesala phindu lake lathera m'makoma a chipatala chimodzi, chomwe chimatuluka pageti ndi kafukufuku. Ndiye pezani anthu awiri kapena atatu amene simunagwirepo nawo ntchito koma anatchulapo mapepala anu, alembe mosazungulira kuti anagwiritsa ntchito chani chanu, ngati pali chipatala china chinasintha protocol chifukwa cha zomwe munapeza chimenecho chikhale patsamba loyamba. Zoti madokotala a makanda ndi ochepa musatsamirepo, amakuyankhani kuti labor certification ilipo chifukwa cha zomwezo.

Mnyamata wa labu: Kuwonjezera apo, ife timakonda kuyambira nkhani kumudzi, za nazale ya ku Queens, za Pumani, bubble CPAP ija anapanga a Rice University ndi anzathu a ku Blantyre. Ndi mbiri yabwino, iikenimo, koma ofesala akufunsa za makanda a kuno. Mwana mmodzi pa 10 aliwonse ku US amabadwa masiku asanakwane, yambirani pamenepo, kenako muonetse kuti kupewa ventilator kumathandiza bwanji mapapo a anawa ndi ndalama zomwe zipatala zimaononga. Komanso deti ili pa RFE ija sasuntha, ndi masabata 12 akachulutsa, ndipo mumayankha kamodzi kokha, zonse mu phukusi limodzi.

Mayi wa ku HR: Ine mundikhululukire, nonse mukuthamangira RFE koma njoka ili pena. Adokotala, mwati J-1 ya ECFMG? Ndiye 212(e) yakugwirani, lamulo loti mukakhale kaye zaka ziwiri kumudzi. I-140 itha kuvomerezedwa bwinobwino koma I-485, fomu yotengera green card muli konkuno, simungatumize, visa ya ntchito ya H-1B simungalowe, mpaka mutapeza waiver yokumasulani ku lamuloli kapena mutakakhala zaka ziwirizo.

Wa ku NICU: Loya anati tiona pambuyo. Ndimaganiza ndingopempha kalata ya no objection, yoti boma lathu silikuletsa kuti nditsale kuno, ku embassy yathu ku Washington ngati anachitira mnzanga wa PhD.

Mayi wa ku HR: Iiii ayi, imeneyo siigwira kwa amene anabwera kudzaphunzira zachipatala kudzera ECFMG. Njira zanu ndi waiver ya Conrad 30, state iliyonse ili ndi malo 30 pachaka, mumagwira zaka zitatu pa H-1B kudera kosowa madokotala, maola 40 pasabata mukuona odwala, ndiye kafukufuku amafinyika. Ina ndi waiver ya ofufuza ya HHS, unduna wa zaumoyo wa kuno, koma amapempha ndi yunivesite osati inu, ndipo imatenga nthawi. Chomwe ambiri kwathu kuno amapumirapo ndi O-1, visa ya anthu aluso lapadera, 212(e) siiletsa, kungoti simungasinthire muli momuno, mumayenera kutuluka kukadinditsa visa kunja, ndiye mmene malamulo a visa akusinthira masiku ano musagule tikiti loya asanaone pasipoti yanu. J-1 ikatha muli ndi masiku 30 okha olongedza.

Mkulu wa ana: Amayi anena zoona. Ubwino wake umboni wa O-1 ndi womwewo mukusonkhanitsa wa RFE, ma citation, ma journal omwe munawaunikirako mapepala, ma grant. Koma chenjerani, mukalemba mu RFE kuti moyo wanu ndi kafukufuku kenako contract ya Conrad ikuonetsa kuti ndi wodi yokhayokha, nkhani ziwirizo zisemphana.

Wa ku NICU: Shuwa ndinali kuchapa mbale nyumba ikupsa. Mawa ndikumana ndi a division chief, ndikawafunse ngati angandipatse post ya faculty yokhala ndi nthawi ya kafukufuku yolembedwa mu contract, apemphe O-1, za HHS tiyambiretu. Usiku uno ndilembera anthu atatu amene anatchula pepala langa la CPAP. Amayi, ku HR kwanu O-1 mumayamba kukonza miyezi ingati June asanafike?

Mayi wa ku HR: Ife timafuna mapepala onse patebulo pofika January, ndipo timalipira premium kuti ayankhe msanga. Nditumizireni CV ku inbox ndione pomwe pakuperewera.