Ndithandizeni: ndikufuna kukawaonetsa bambo mabwalo a mpira mu Johannesburg

Abale anga a kuno ku Joni, ndikupempha nzeru. Bambo anga akubwera kuchokera kumudzi mwezi wamawa, ndipo chomwe akhala akupempha ndi chimodzi: kukaona FNB Stadium ya ku Nasrec ndi maso awo. Amakumbukirabe fainolo ya World Cup ya 2010, pomwe Spain idagonjetsa Netherlands 1-0. Ine ndikufunanso akaime pabwalo lomweli chifukwa ndi pomwe Nelson Mandela adalankhula kwa khamu la anthu mu 1990 atangotuluka m'ndende, pomwenso padachitikira mwambo womukumbukira mu 2013.

Kodi alendo amaloledwa kulowa tsiku lopanda masewero, n'kuona zipinda zosinthira zovala ndi njira yotulukira osewera? Amalipiritsa zingati, nanga amafuna kulembetseratu? Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawondo a bambo. Bwaloli limalowa anthu oposa 90,000, masitepe ake si ochepa. Amene mudapitako ndi achikulire, mudayenda nawo bwanji?

Mtima wanga ukundiuza kuti bwalo limakoma likadzaza, choncho ndimaganiza zowagulira matikiti Kaizer Chiefs ikamasewera pabwaloli, koma ndikuopa chipwirikiti cha pageti.

Orlando Stadium ya ku Soweto nayo sindikufuna kuiphonya, poti Flames idasewerera pomwepo masewero ake apakhomo mu 2021. Kodi awiriwa angatheke tsiku limodzi popanda galimoto yathuyathu? Ellis Park, bwalo lotchuka ndi rugby, tikhoza kuisiya nthawi ikachepa, bambo rugby saitsata.