Ndikatsitsa resolution zilembo zimaoneka mwachimbuuzi, nditani?

Abale odziwa za makompyuta, ndithandizeni nzeru. Monitor yanga ndi ya mainchesi 27, resolution yake (kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi) ndi 2560x1440. Zilembo zimaoneka bwino koma n'zazing'ono kwambiri, maso amatopa ndikawerenga nthawi yaitali. Ndikatsitsa kufika pa 1920x1080 zimakula ndithu, koma zimaoneka mwachimbuuzi ngati galasi lachita nthunzi. Pa ma CRT, ma monitor akale otupa kumbuyo aja, tinkasintha mmene tafunira popanda vuto lotere. Kodi yangayi ndi yowonongeka, kapena ndingogula ya 4K?

Yankho: Siyowonongeka ayi, akulu. Monitor zafulatizi zili ndi ma pixel (timadontho topanga chithunzi tija) okhazikika. Yanuyo ili nawo 2560 chopingasa ndi 1440 chotsika, sachuluka, sachepa. Mukaipatsa chithunzi cha 1920x1080, pixel iliyonse ya chithunzicho iyenera kudzaza malo a pixel imodzi ndi kachigawo, ndiye monitor imangosakaniza mitundu ya ma pixel oyandikana. Pa filimu simungazindikire. Koma kamzere ka chilembo n'kopyapyala, mwina pixel imodzi kapena ziwiri basi, n'chifukwa chake kamasokonekera. CRT inkalemba ndi kuwala koyenda mzere ndi mzere, motero inkatha kusintha kuchuluka kwa mizereyo. Bwezerani pa 2560x1440, mulowe mu Settings ya Windows, System, Display, Scale, musankhe 125%. Windows idzakulitsa zilembo ikugwiritsabe ntchito ma pixel onse.

Yankho: Anena zoona akuluwa, kungoti mapulogalamu ena akale sagwirizana ndi Scale. Windows imangowafutukula, ndiye amaonekabe mwachimbuuzi. Yatsaninso ClearType (yosalalitsa zilembo mu Windows), ndipo ngati chingwe chanu ndi cha VGA, chichotseni muike HDMI kapena DisplayPort.

Yankho: Za 4K musathamangire. Pa mainchesi 27, yanuyo ili ndi ma pixel pafupifupi 109 pa inchi imodzi, ya 4K (3840x2160) ili ndi pafupifupi 163. Zilembo zimasalala, inde, koma pa 100% zimachepa kuposa zomwe mukudandaulazo, ndipo pa 150% zimangofanana nazo kukula, ndiye mudzafunabe kupyola apo. Komanso kompyuta ya HDMI 1.4 kawirikawiri imangotulutsa 4K pa 30Hz (zithunzi 30 zokha pa sekondi), mouse imayenda modukiza.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndaika 125% ndipo mu browser zilembo zili bwino. Yatsala pulogalamu imodzi yakale yowerengetsera ndalama. Kodi pali njira yoikonzera yokhayo osakhudza zinazo?

Yankho: Ilipo. Dinani kumanja pa icon yake, Properties, Compatibility, Change high DPI settings, muchonge Override ndi kusankha Application. Chimbuuzi chichoka, koma mwina zilembo zake zibwerera kukhala zazing'ono.