Tebulo lozondotsa munthu pothandiza msana

Wa ku Kawale: Akuluakulu, bambo anga akudwala msana cha m'chiuno. Tapeza inversion table, tebulo logonapo mutu pansi lija. Ayambe bwanji?

Wa ku Area 25: Ayezetse kaye BP. Ngati ndi yokwera, kapena ali ndi vuto la mtima kapena matenda a maso otchedwa glaucoma, asakwerepo n'komwe. Magazi amaunjikana kumutu, maso amapanikizika.

Wa ku Area 18: Chitsulo chapakati chili ndi manambala, chiikeni pa msinkhu wawo, apo ayi tebulo limatembenuka mwadzidzidzi kapena kukana kubwerera. Akakolo amangike zolimba, atavala nsapato. Lamba wapansi mumufupikitse kuti lipendekeke madigiri 20 mpaka 30 okha, mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Pobwerera apumire kaye pakati, kuopa chizungulire. Wina aime pafupi.

Wa ku Biwi: Mpumulo wake ngwakanthawi. Miyendo ikafooka kapena mkodzo ukamatuluka wokha, thamangani nawo ku Kamuzu Central.